Kupima mwana wakhanda: zomwe achipatala amayang'ana tsiku loyamba

Kupima mwana wakhanda thupi lonse, kuyambira kumutu mpaka kuphazi, ndi ntchito yomwe anamwino, azamba ndi madotolo amayenera kugwira pa mwana aliyense asanathe maola 24 chibadwire. Cholinga chake ndi kupeza msanga matenda ndi ulumali womwe makolo sangauzindikire paokha, mayi ndi mwana asanatulutsidwe m'chipatala.

Ntchitoyi ndi yofunika zedi kuchigwa cha boma la Dedza, ku Mua, Golomoti ndi Mtakataka, m'dera la Mfumu Yaikulu Kachindamoto. Kumeneko amayi ambiri amadalira chipatala cha pa Mishoni ya Mua, yomwe ansembe a White Fathers adaikhazikitsa mu 1902, pamodzi ndi zipatala zing'onozing'ono zozungulira. Chipatala chachikulu cha boma chili pamwamba pa mapiri, ndipo kuti wodwala akafikeko ayenera kukwera zitunda za Khwekhwerere. Vuto likapezeka mwana adakali m'manja mwa achipatala, mpata wokonza ambulansi umakhalapo, koma likaonekera kumudzi pakati pa usiku, kawirikawiri mwana amafika mochedwa.

Kafukufuku wa Malawi Demographic and Health Survey wa 2015-16 adaonetsa kuti ana 27 mwa 1,000 alionse obadwa amoyo ankamwalira asanathe mwezi umodzi, ngakhale kuti ana 91 mwa 100 ankabadwira kuchipatala. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO limati pafupifupi imfa zitatu mwa zinayi zoterezi zimachitika m'sabata yoyamba.

Mphindi zoyamba

Mwana akangobadwa, mzamba amamupukuta ndi kuona ngati akupuma. Pakatha mphindi imodzi, kenanso mphindi zisanu, amamupatsa malikisi potsatira ndondomeko yomwe Dr Virginia Apgar wa ku America adakonza mu 1952. Ndondomekoyi imaona kugunda kwa mtima, kapumidwe, mphamvu za manja ndi miyendo, maonekedwe a khungu komanso momwe mwana akuchitira akakhudzidwa. Ngati zonse zili bwino, mwana amagonekedwa pachifuwa pa mayi ake kuti ayamwe mu ola loyamba, ndipo kupima thupi lonse kumabwera pambuyo.

Sikelo, kutentha ndi kapumidwe

Wopima amasamba m'manja ndi kugwira ntchitoyi mayi akuona, m'chipinda chosalowa mphepo. Ngakhale kuchigwa kumatentha, khanda limazizidwa msanga. N'chifukwa chake silisambitsidwa mpaka patapita maola 24. Thupi lake liyenera kutentha pakati pa madigiri 36.5 ndi 37.5. Kupuma kumawerengedwa kwa mphindi yathunthu mwana ali phee, ndipo kukapyola ka 60 pa mphindi, kapena chifuwa chikamalowa kwambiri m'kati, ndiye kuti pali vuto.

Mwana wosakwana makilogalamu 2.5 amafuna chisamaliro chapadera. Ambiri mwa ana otere amathandizidwa ndi njira ya kangaru, yomwe mayi amabereka mwana pachifuwa, khungu kukhudzana ndi khungu. M'dziko muno njirayi idayambira pa chipatala chachikulu cha Zomba mu 1999.

Kuchokera kumutu mpaka kuphazi

Kumutu, wopima amayeza kukula kwake ndi tepi ndi kukhudza liwombo. Liwombo lotukuka likhoza kusonyeza matenda oumitsa khosi kapena madzi m'mutu, pamene lolowa m'kati limasonyeza kuchepa kwa madzi m'thupi. M'maso amafufuza mafinya, ndipo m'kamwa amaunika ndi kupisamo chala choyera, pakuti ana ena amabadwa ndi mng'alu kudenga kwa m'kamwa ngakhale mlomo uli wabwinobwino.

Kenaka amamvetsera mtima ndi mapapo, kukhudza mimba ndi kuona ngati mchombo sukutuluka magazi. Amaona ziwalo zobisika ndi kutsimikiza kuti njira ya chimbudzi ndi yotseguka, ndipo amafunsa mayi ngati mwana wakodza komanso wachita chimbudzi chakuda choyamba chija. Akamutembenuza amatsata msana wonse kufuna chotupa kapena bala. Amawerenga zala, kuona ngati manja onse awiri akuyenda mofanana, kuyesa mfundo za m'chiuno ndi kuyang'ana mapazi. Phazi lopindika limaongoka ndi pulasitala mwana akayamba kulandira thandizo m'masabata oyambirira. Khungu kapena maso achikasu pa tsiku loyamba, ngakhalenso zikhatho ndi mapazi achikasu tsiku lina lililonse, ndi chizindikiro choopsa.

Asanatuluke m'chipatala

Mwana amalandira mankhwala a m'maso, jakisoni wa vitamini K, katemera wa BCG woteteza ku chifuwa chachikulu ndi wa poliyo. Ngati mayi ali ndi kachilombo ka HIV, mwana amayamba kumwa mankhwala omuteteza ndipo amayezedwa magazi pa masabata asanu ndi limodzi. Zonse zimalembedwa m'buku la mwana la kuchipatala.

WHO imalangiza kuti mayi akhale m'chipatala maola osachepera 24, ndipo mwana aonedwenso pa tsiku lachitatu, pakati pa masiku 7 ndi 14, komanso pa masabata asanu ndi limodzi. Mwambo wa chikuta usalepheretse maulendo amenewa, ndipo pamchombo ndi paliwombo pasapakidwe phulusa kapena mankhwala achikuda. Mwana akaleka kuyamwa, akamakomoka, akafooka, akatentha kapena kuzizira thupi, kapena mchombo ukafiira ndi kutuluka mafinya, apite naye kuchipatala nthawi yomweyo.

Udindo wa adindo

Kupima kumeneku sikulira makina okwera mtengo. Kumafuna sikelo yolondola, chopimira kutentha kwa thupi, tepi, nyali, sopo ndi madzi, komanso wogwira ntchito wokhala ndi nthawi yokwanira. Kuyambira mu 2006, Unduna wa Zaumoyo wakhala ukupangana ndi zipatala zina za mipingo za pansi pa bungwe la CHAM kuti amayi oyembekezera ndi makanda azithandizidwa mwaulere, boma n'kumalipira. Choncho akuluakulu a khonsolo ndi a zaumoyo ayenera kuonetsetsa kuti ndalamazi zikufika m'nthawi yake, ambulansi ili ndi mafuta, ndipo alangizi a zaumoyo akuyendera makanda m'midzi m'sabata yoyamba. Mafumu ndi makomiti a chitukuko nawonso alimbikitse mabanja kuti asaumirize mayi kubwerera kunyumba mwana asanapimidwe.