Manjenje

Mawuwa ndi apachibale ndi "kunjenjemera". Munthu akagwidwa ndi mantha kapena malungo amanjenjemera, kenako n'kusiya. Manjenje sachoka. Pali mtundu wina umene madokotala amautcha essential tremor, ndipo kawirikawiri umayenda m'magazi a pabanja. Dzanja likakhala pamwendo limakhala phee. Limayamba kugwedera mwiniwake akati anyamule kapu kapena cholembera. Kwa wojambula, zimenezi n'zopweteka mtima kwambiri. Charles Schulz wa ku America, amene ankajambula zithunzi zoseketsa zotchedwa Peanuts kuyambira 1950, anali nawo matendawa. Mizere ya zithunzi zake za kuukalamba imaoneka yogwedera, komabe anajambula ndi dzanja lake lomwelo mpaka 1999. Mukaona munthu wotere, musathamangire kunena kuti waledzera.