Herpes ya kumaliseche ndi mankhwala a aciclovir

Herpes ya kumaliseche, imene ena amaitcha nsungu, ndi matenda opatsirana pogonana oyambitsidwa ndi kachilombo ka herpes simplex. Kalipo ka mitundu iwiri: HSV-1, kodziwika ndi zilonda za pamlomo, ndi HSV-2, kamene kamakonda kumaliseche ndi kumatako. Bungwe la WHO linawerengera kuti mu 2020 anthu 846 miliyoni a zaka 15 mpaka 49 anali nako kumaliseche, kutanthauza mmodzi mwa asanu alionse. Ambiri sadziwa n'komwe, ndipo amatha kupatsira anzawo ngakhale pakhungu palibe chilonda.

M'makomboni a Lusaka monga Misisi, Kanyama ndi Chawama, chilonda cha kumaliseche anthu amafulumira kuchitcha kaswende, dzina la kuno la chindoko. Koma chindoko chimayamba ndi chilonda chimodzi cholimba, nthawi zambiri chosapweteka, pamene herpes imabwera ndi timatuza tambiri pamalo amodzi. Tikaphulika timasiya tizilonda tosazama, ndipo mkodzo ukakhudzapo umawawa ngati tsabola. Ulendo woyamba ndiwo wovuta: thupi limatentha, m'mphechepeche mumatupa mwanabere, ndipo popanda mankhwala zilonda zimatenga milungu iwiri kufika inayi. Zikapola, kachilombo kamakabisala m'mitsempha ya m'munsi mwa msana, kudikira kuti thupi lifooke.

Mmene mankhwala amagwirira ntchito

Aciclovir anapezeka mu 1974 ku kampani ya Burroughs Wellcome ku America, ndipo Gertrude Elion, amene anafotokoza kagwiridwe kake ka ntchito, analandira nawo mphoto ya Nobel mu 1988. Luso lake lili apa: mankhwalawa akalowa m'thupi amakhala ngati ali m'tulo, ndipo chimene chimawadzutsa ndi enzayimu ya kachilombo komweko, yotchedwa thymidine kinase. Akadzuka amalowerera m'tcheni cha DNA imene kachilombo kakuluka, tchenicho n'kudukira pomwepo. Maselo abwino sakhudzidwa kwenikweni. Malire ake alinso pomwepa: kachilombo kogona m'mitsempha sikakuluka kanthu, choncho mankhwala alibe pokagwira. N'chifukwa chake aciclovir ndi mankhwala anzake, valaciclovir ndi famciclovir, amachepetsa ululu ndi kufupikitsa masiku a zilonda, koma sachotsa kachilombo m'thupi. Aliyense wogulitsa mankhwala "otheratu" herpes, kaya ndi a m'botolo kaya a mizu, akungodya ndalama za odwala.

Kamwedwe

Malangizo a WHO a mu 2016 amati wodwala koyamba amwe aciclovir wa 400 mg katatu pa tsiku kwa masiku 10. Zilonda zikabweranso, mlingo womwewo umakwanira kwa masiku 5, kapena 800 mg katatu pa tsiku kwa masiku 2. Chachikulu ndi nthawi. Mankhwala ayambidwe pasanathe maola 24, makamaka munthu akangomva kunyerenyetsa kapena kutentha pamalo pamene matuza amatulukira. Woyamba zilonda zili pafupi kuuma amapindula pang'ono chabe. Amene zimamubwerera kanayi, kasanu kapena kuposa pa chaka angapatsidwe 400 mg kawiri tsiku lililonse, ndipo pakatha chaka dokotala amaunikanso. Wa matenda a impso amachepetseredwa mlingo.

M'zipatala za boma, monga kiliniki ya Kamwala kapena chipatala cha Chawama zimene zili pafupi ndi Misisi, wodwala chilonda cha kumaliseche kawirikawiri amathandizidwa tsiku lomwelo potengera zizindikiro, osadikira zotsatira za kulabotale. Ndiye sizachilendo kulandira jakisoni wa benzathine penicillin wa chindoko pamodzi ndi mapiritsi a aciclovir, komanso kuyezedwa HIV. Zilonda zokula zosapola, zimene zimaoneka kwa anthu amene chitetezo chawo chatsika kwambiri, zimatumizidwa ku zipatala zazikulu monga University Teaching Hospital. Makapisozi ogula pakantemba, amene ena amawatsegula n'kuwaza ufa wake pachilonda, ndi opha mabakiteriya. Herpes saikhudza.

Zimene kafukufuku wa ku Lusaka anapeza

Munthu wa HSV-2 ali pachiopsezo chotenga HIV pafupifupi katatu kuposa amene alibe, chifukwa zilonda zimatsegula khomo. Apa akatswiri anaganiza kuti kupondereza herpes ndi piritsi lotchipa kungachepetsenso HIV, ndipo amayi a ku Lusaka anali m'gulu la oyesera nawo maganizowa. Kafukufuku wa HPTN 039, wotsogoleredwa ndi Connie Celum wa ku University of Washington, anatsata anthu 3,172 opanda HIV: amayi a ku Lusaka, Harare ndi Johannesburg, ndi amuna a ku Peru ndi America. Zotsatira zinatuluka mu 2008. Aciclovir anachepetsa zilonda ndi 47 peresenti, koma chiwerengero cha otenga HIV sichinatsike.

Kafukufuku wachiwiri, wa Partners in Prevention, anatsata mabanja 3,408 m'mayiko 7 a mu Africa, ndipo ku Zambia anachitikira ku Lusaka, Ndola ndi Kitwe. M'banja lililonse mmodzi anali ndi HIV ndi HSV-2, mnzake alibe HIV. Mu 2010 zinadziwika kuti zilonda za herpes zinatsika ndi 73 peresenti, koma kupatsirana HIV kunali chimodzimodzi. Zinali zokhumudwitsa, komabe zinathetsa mkangano: aciclovir ndi wa herpes basi, salowa m'malo mwa ma ARV, PrEP kapena kondomu. Pa herpes yeniyeniyo, kafukufuku wa mu 2004 anasonyeza kuti valaciclovir wa 500 mg tsiku lililonse amachepetsa pafupifupi ndi theka mwayi wopatsira mwamuna kapena mkazi wako.

Kunyumba ndi pa mimba

Ku Misisi mabanja angapo amalowa chimbudzi chimodzi, ndipo mantha opatsirana mmenemo ngosavuta kumvetsa. Herpes sifala choncho. Imafuna khungu pa khungu. Chothandiza ndi kutsuka zilonda ndi madzi ofunda othira mchere pang'ono, kuumitsa bwino, kuvala kabudula wam'kati wosathina, kumwa panado ndi kusagonana mpaka zitapola. Amayi ena amadzithira madzi pokodza kuti mkodzo usawawe.

Mayi woyembekezera auze anamwino a kusikelo ngati anadwalapo, makamaka ngati zilonda zatuluka koyamba mimba ili yaikulu, chifukwa kachilomboka kakalowa mwa khanda pobadwa kamatha kuwononga ubongo kapena kupha. Madokotala angamuyambitse aciclovir mimba ikafika milungu 36, ndipo ngati zilonda zilipo tsiku lochira, mwana amabadwa kudzera pa opaleshoni.