Malo opumulirako anthu mumzinda wa Lusaka

Malo opumulirako anthu ndi mabwalo, minda ya maluwa ndiponso misewu ya mitengo kumene munthu aliyense angakhale popanda kulipira. Mu Lusaka, udindo wosamalira malo otere uli m'manja mwa khonsolo ya mzinda, ndipo kagawidwe ka malo katsata lamulo la Urban and Regional Planning Act la mu 2015.

Mapulani oyamba a likulu la dziko lino analembedwa mu 1931 ndi Professor Stanley Adshead wa ku London, ndipo mu 1935 boma linasamuka ku Livingstone kubwera ku Lusaka. Colinga cinali cakuti ukhale mzinda wa minda, wokhala ndi misewu yotakata ndi mitengo ya mthunzi. Koma kukongolako kunakonzedwera Azungu a ku Ridgeway. Anchito acikuda anapatsidwa tinyumba tozungulira tofolera ndi udzu ku Kabwata. Mu 1974 boma linasunga tinyumba 43 mwa timeneti, ndipo lero ndi Kabwata Cultural Village, kumene amisiri agulitsa ziboliboli, madengu ndi ng'oma.

Kalembera wa mu 2022 anapeza anthu oposa 2.2 miliyoni m'boma la Lusaka. Kuculuka kumeneku kwacititsa kuti malo opanda nyumba azisowa. Ku Avondale ndi ku Chelstone, madera a kum'mawa oyandikana ndi msewu wa Great East, nyumba zambiri zazingidwa ndi mipanda yaitali. Banja lofuna kupitidwa mphepo kawirikawiri lipita ku masitolo aakulu monga Twin Palm Mall, kumene wopanda ndalama sakhalitsa.

Nkhalango ya Forest 27, imene ili kum'mawa komweko ndipo ndiyo gwero la mtsinje wa Chalimbana, inayamba kudulidwa mapuloti kucokera mu 2017, zomwe zinadzetsa mkangano waukulu ndi milandu kukhoti. Lusaka National Park, imene inatsegulidwa mu 2015, ndi Munda Wanga ku Chilanga ndi malo okongola, koma ali patali ndipo pakhomo alipiritsa.

Akatswiri a kamangidwe ka mizinda aphunzitsa kuti malo okoma safuna zinthu zodula. Cofunika ndi mthunzi wa m'mwezi wa October, mabenci a okalamba, zimbudzi zaukhondo, magetsi a usiku, njira zoyendamo olumala, ndi ngalande zocotsa madzi m'nyengo ya dzinja. Malowo ayeneranso kukhala pafupi, kuti mwana afikeko wapansi, ndipo ogulitsa malonda apatsidwe mbali yao m'malo mothamangitsidwa.

Puloti ikamangidwa nyumba, sibwereranso kukhala bwalo. N'cifukwa cake lamulo la mu 2015 lipatsa nzika mwai wopereka maganizo ao pamene mapulani a dera lao akukonzedwa.