Chibadwa cha mtedza

Chibadwa ndi makhalidwe amene chamoyo chimatengera kwa makolo kudzera m'majini, tizigawo ta DNA topezeka m'maselo. Ku Mchinji, komwe mtedza umalimidwa kwambiri, izi zimaoneka m'munda momwe. Duwa la mtedza limadzipatsa lokha mungu, choncho mlimi akasunga CG7, mbewu imene inatulutsidwa mu 1990, amakolola mtedza wofanana ndi umene anabzala. Chimanga cha haibulidi sichitero: chikabzalidwa kachiwiri, majini a makolo ake awiri amasakanikirana mwatsopano ndipo zokolola zimatsika. Katswiri wa sayansi Mendel anafotokoza kugawikana kotereku mu 1866. Pogwiritsa ntchito nzeru za chibadwazi, akatswiri a kumalo ofufuzira zaulimi a Chitedze ndi a bungwe la ICRISAT amakwatitsa mitundu ya mtedza n'kusankha yopirira matenda a kadukutu, monga Nsinjiro.