Nyumba ya Mandala ndi Makoma Ake a Dothi

Pamwambo wonga uno timakonda kukamba za mafumu, mapiri ndi magule, koma mbiri imagonanso m'makoma. Mwa nyumba zonse zimene Azungu adamanga m'dziko muno, yakale koposa imene idakaimabe ndi ya Mandala ku Blantyre. Idamangidwa mu 1882, zaka zisanu ndi zinayi Britain isanalengeze ulamuliro wake kuno.

Eni ake adali a African Lakes Company, kampani yobadwira ku Glasgow mu 1878, imene inkayendetsedwa ndi munthu ndi mbale wake, John ndi Frederick Moir. John ankavala magalasi amaso, ndipo anthu poona kunyezimira kwake adamutcha Mandala. Dzinalo lidayambukira nyumbayo, sitolo za kampaniyo, mpaka dera lonselo.

Chimene chiyenera kutidabwitsa ife a ku Kasungu ndi njerwa zake. Nyumba yosanjikizana imeneyi adaimanga ndi zidina, dothi losakaniza ndi udzu loumitsa padzuwa. Zidina timazidziwa bwino. Alimi ambiri kuno amamangira zigafa za fodya, ndipo tidaonapo khoma likunyenyeka mvula ikaliwomba nyengo zingapo. Nanga ili lapirira bwanji zaka zoposa 140? Yankho lina lili pa khonde. Khonde lotakata lozungulira nyumbayo amaliyamikira chifukwa cha mthunzi, koma ntchito yake yaikulu nkutchinga madzi kuti asafike pakhoma. Makolo athu ankachita chimodzimodzi potsitsa denga la udzu kupitirira chipupa.

Pambali pake padali bwalo lotchingidwa ndi linga, mothawiramo pa nthawi ya nkhondo ndiponso mosungira katundu. Katunduyo sankabwera yekha. Sitima zokwera mtsinje wa Shire zinkalekezera kwa Katunga chifukwa cha mathithi, choncho amtengatenga ankasenza nsalu ndi mikanda kukwera nazo mapiri kufika ku Mandala, kenaka kutsikira ku Matope, kumene madzi ayambanso kuyendeka. Pobwerera ankasenza minyanga ya njovu. Tikamatchula dzina la Moir, tikumbukirenso mitu imene idasenza chumacho ndi manja amene adaponda dothi lija.

Lero nyumbayi ndi imodzi mwa zipilala zotetezedwa ndi boma. M'chipinda chapamwamba muli laibulale ya Society of Malawi, bungwe lokhazikitsidwa mu 1946, mosungidwa mabuku, mapu ndi zithunzi zakale za dziko lino.