Kachisi wa pansi pa msolo

Woyenda pa msewu wa ku Mchinji, akadutsa Mpingu kulowera ku Namitete, amaona minda ya fodya ndi chimanga yotambasuka mpaka kumene maso alekezera, ndipo apo ndi apo kamsitu kobiriwira kataima pakokha. Kawirikawiri kamsitu kotere ndi manda. Mitengo ina inathera ku zigafa, ku mauvuni a njerwa ndi ku makala, koma iyi inatsala chifukwa nkhwangwa silowamo mfumu isanalole. Ambiri amayesa kuti kanyumba kopemphereramo mwakachetechete pakati pa mitengo ndi chinthu cha Azungu. Mbiri ya dera lino ikutsutsa zimenezo.

Kale mudzi unkamanga kachisi, kanyumba ka udzu kofupika kwambiri, patsinde pa mtengo ngati msolo, ndipo mvula ikachedwa akuluakulu ankathirapo nsembe ya ufa ndi mowa. Wamkulu wa akachisi onsewa anali wa ku Msinja, kufupi ndi mapiri a Dzalanyama, kumene Makewana, mayi wa mtundu wa Abanda, ankapempha mvula kwa Chisumphi m'malo mwa Achewa onse, akutumikiridwa ndi akazi otchedwa matsano. W.H.J. Rangeley analemba za malowa mu 1952, patapita zaka zambiri chiwasakazireni nkhondo za Angoni. Umboni wolimba koposa uli m'dzina lenilenilo loti kachisi. Omasulira Buku Lopatulika, lomwe linatuluka mu 1922 ntchito yake itatsogoleredwa ndi William Murray wa ku Nkhoma, atafika pa nyumba yaikulu imene Solomo anamangira Mulungu sanabwereke dzina kunja. Anaitcha kachisi. Anapeza kuti anthu akudziwa kale nyumba imene ulemu wake suyezedwa ndi kukula kwake.

Wina anganene kuti kufanizira kumeneku n'kokokera, ndipo mawu ake ali ndi mutu. Kachisi wa makolo sanali malo oti munthu wosweka mtima akakhale yekha n'kumasinkhasinkha. Unali wa mudzi wonse, wa tsiku la nsembe, ndipo ku Msinja kunkalira ng'oma yopatulika ya mbiriwiri. Ngakhale kumanda sikupitidwa mwachisawawa: wopezeka kumeneko yekha amamuganizira ufiti, ndipo m'midzi yambiri ndiko kuli dambwe la Gule Wamkulu. Chipinda chosinkhasinkhira chimene Dag Hammarskjöld, mlembi wamkulu wa United Nations pa nthawiyo, anakonza ku likulu la bungweli ku New York mu 1957, zaka zinayi asanafe pa ngozi ya ndege pafupi ndi Ndola, n'chotsegukira aliyense, wopembedza ndi wosapembedza yemwe. Kachisi wathu sanali wotero.

Kusiyanaku n'koona, koma kukukhudza amene aloledwa kulowa, osati chimene chimapatula malowo. Ku New York ndi ku Msinja komwe, chimene chimagwira ntchito ndi pangano la anthu lakuti pano sitilima, sitigulitsa, sitikangana. Kukhala wekha pamaso pa Mulungu n'kumene kunakula ndi mamishoni, ndipo lero mayi wogwada pa groto ya Maria m'parishi ngati Nambuma kapena Likuni, korona ili m'manja, amachita chimene agogo ake sakanachita pa kachisi wa mudzi. Koma kutsitsa mawu akamayandikira, ndi kusathyola nthambi pamalopo ngakhale kunyumba nkhuni zitatha, sanaziphunzire m'katekisimu. Anazimva ali mwana, tsiku loyamba limene anadutsa m'mbali mwa msitu wa manda amayi ake n'kumutsina kuti akhale chete.