Kuda kwa wotchi yapamkono: utoto wamba, PVD ndi DLC

Mawotchi akuda afala m'dziko muno. Amapezeka m'masitolo a mumzinda wa Lilongwe, pa matebulo a mavenda, ngakhalenso m'madera akumudzi monga Kapondo m'boma la Mchinji, boma limene katundu amafikako kudzera mumsewu wa M12 kapena pa malire a Mwami kuchokera ku Chipata. Akali atsopano, onse amaoneka chimodzimodzi. Kusiyana kumaoneka pakapita miyezi: ena amayamba kuyera m'ngodya ndi pa chomangira lamba, pamene ena amakhalabe akuda kwa zaka.

Chifukwa chake nchakuti zitsulo zopangira mawotchi sizakuda mwachibadwa. Kudako ndi chokutira chopyapyala chimene amaika pamwamba, ndipo kukhalitsa kwake kumadalira njira imene anachiikira.

Utoto wamba

Njira yotsika mtengo ndi yopopera utoto kapena kumata mtundu wakuda pa zinki kapena mkuwa. Chokutira chotere nchofewa, ndipo thukuta, sopo ndi kukhuzana ndi malaya zimachisupula msanga. Ngakhale wotchi yotchuka ya Porsche Design Chronograph 1, imene Ferdinand Alexander Porsche anaijambula mu 1972 ndipo ambiri amaitcha yoyamba kukhala yakuda ponseponse, inkaperepeseka m'mbali ikavalidwa nthawi yaitali.

Kusintha mtundu ndi moto kapena mankhwala

Osula makasu ndi nkhwangwa amadziwa kuti chitsulo chotentha chikaviikidwa m'mafuta chimada. Opanga mawotchi nawo akhala akugwiritsa ntchito moto kwa zaka mazana: akatenthetsa mivi ya wotchi ndi timasikuluwu mpaka pafupifupi madigiri 290, pamwamba pake pamabwera mtundu wobiriwira ngati thambo, wodera. M'mafakitale amathanso kuviika chitsulo m'mankhwala otentha kuti chide, monga amachitira ndi mfuti ndi zida zina. Njirazi zimachepetsa dzimbiri pang'ono, koma zimayenera tizigawo tam'kati mwa galasi, osati kunja kumene kumakhudzana ndi zinthu tsiku lililonse.

PVD

Mawuwa ndi chidule cha Physical Vapour Deposition. Tizigawo ta wotchi timatsukidwa bwino n'kuikidwa m'thanki yotsekedwa, ndipo mpweya wonse umapopedwamo. Kenaka magetsi amphamvu amasandutsa chitsulo china, monga titaniyamu kapena kromiyamu, kukhala nthunzi. Nthunziyo imasakanikirana ndi nayitrojeni kapena mpweya wokhala ndi kaboni, n'kukamamatira pa tizigawo tija. Mtundu wina wa njirayi, umene Donald Mattox wa ku America anaufotokoza mu 1964, ndi umene makampani monga Casio ndi Citizen amautchula ndi zilembo za IP.

Chokutira cha PVD nthawi zambiri chimakhala cha maikuloni 1 mpaka 3, pamene tsitsi la munthu limakhala pafupifupi maikuloni 70. Ngakhale chili chopyapyala chomwecho, chimalimba kuposa utoto kutalitali.

DLC

Ichi ndi chidule cha Diamond-Like Carbon, dzina limene Sol Aisenberg ndi Ronald Chabot analigwiritsa ntchito mu 1971. Ndi kaboni amene mbali ina anaumbika ngati dayamondi, mbali ina ngati mtima wa pensulo, motero amakhala wolimba komanso woterera. Pa muyeso wa Vickers, chitsulo cha 316L chimene mawotchi ambiri abwino amapangira chimafika pa 150 mpaka 200, mchenga umaposa pang'ono 1,000, pamene DLC wabwino amapitirira 2,000. N'chifukwa chake fumbi la m'misewu yadothi limakanda chitsulo chopanda chokutira koma limavutika kukanda DLC.

Komabe DLC ali ndi malire ake. Popeza chitsulo chapansi nchofewerapo, wotchi ikamenyetsedwa pa mwala kapena pa chitsulo cha njinga, chokutiracho chimaboweka ngati dothi louma la pamwamba pa matope a m'dambo, ndipo chitsulo choyera chimaonekera.

Zakuda mpaka m'kati

Mawotchi ena alibe chokutira nkomwe. Casio F-91W ya 1989 ndi ya pulasitiki yakuda mpaka m'kati, motero zikande sizisintha mtundu. Kumbali ya mitengo yokwera kuli seramiki, monga ya Chanel J12 ya chaka cha 2000, imene sikandika wamba koma imatha kusweka ikagwa pa simenti.

Khungu nalo lili pachiswe

Nkhaniyi si ya maonekedwe okha. Mawotchi ambiri otsika mtengo amakhala ndi nikelo pansi pa chokutira, ndipo chokutiracho chikatha, thukuta limasungunula nikeloyo pang'onopang'ono. Kwa anthu amene thupi lawo silimuyanja, pamkono pamatuluka totupa toyabwa, makamaka m'nyengo yotentha ya mwezi wa Okutobala. Mu 1994 maiko a European Union anakhazikitsa lamulo loti zinthu zokhala nthawi yaitali pakhungu zisatulutse nikelo woposa maikulogalamu 0.5 pa sikweya sentimita iliyonse pa sabata.

Zoyenera kudziwa pogula

Wogula ayang'ane kuseri kwa wotchi. Mawu akuti base metal kapena alloy amasonyeza zinki kapena mkuwa, ndipo akuti stainless steel back amatanthauza kuti chivindikiro chokha ndicho chosachita dzimbiri. Zilembo za DLC pa wotchi ya mtengo wa zovala za kaunjika nzokayikitsa, pakuti makina ake ndi okwera mtengo.

Wotchi yakuda siipukutidwa ndi sandipepa kapena polishi wa zitsulo, chifukwa zimenezi zimachotsa chokutira. Kansalu kofewa konyowa nkokwanira. Okonza mawotchi a m'misika amasintha batire, lamba ndi galasi, koma PVD kapena DLC ikasupuka, kuibwezeretsa kumafuna kuchotsa yakale yonse ndi kubwezera tizigawoto m'thanki ya kufakitale. Kwa mlimi, wakabaza kapena mmisiri womanga nyumba, wotchi ya pulasitiki yakuda kapena ya chitsulo chosakutidwa ndiyo imakhalitsa pa ndalama zochepa.